EarthBound

EarthBound ndi gemu ya pakanema ya ku Japan yomwe kampani ya Nintendo inatulutsa m'dzikolo pa 27 Ogasiti 1994 ndi dzina loti Mother 2, kenako ku North America mu Juni 1995. Imaseweredwa pa makina a Super Nintendo, amene ku Japan amatchedwa Super Famicom. Ili m'gulu la magemu a RPG, momwe wosewera amakhala ngati munthu wa m'nkhani, n'kumayenda m'matauni, kucheza ndi anthu komanso kumenyana ndi adani mosinthana mpata. Masiku ano ndi yotchuka pakati pa anthu osonkhanitsa magemu akale, chifukwa katiriji yake yeniyeni imagulidwa ndalama zambiri kuposa pamene inali yatsopano.

Mbiri

Nkhani ya gemuyi analemba ndi Shigesato Itoi. Anaipanga ndi makampani a Ape ndi HAL Laboratory, ndipo mmodzi mwa amene anakonza pulogalamu yake anali Satoru Iwata, yemwe anadzakhala mkulu wa Nintendo mu 2002. Magemu ambiri a RPG a nthawi imeneyo ankanena za mafumu ndi malupanga, koma EarthBound imanena za mnyamata wamba, Ness, wa m'tauni ya Onett. Iye ndi anzake atatu, Paula, Jeff ndi Poo, amalimbana ndi mdani wochokera kunja kwa dziko lapansi wotchedwa Giygas. Wosewera akafuna kusunga pomwe wafika, Ness amaimbira foni bambo ake.

Ku United States malonda sanayende bwino. Gemuyi inkagulitsidwa pafupifupi madola 70, m'bokosi lalikulu lomwe munalinso buku lolondolera wosewera ndi timakadi totulutsa fungo munthu akatikanda. Anagulitsa makatiriji pafupifupi 140,000 okha, ndipo ku Ulaya sanaitulutse n'komwe. Anthu ambiri anayamba kuifunafuna Ness ataoneka mu gemu ya Super Smash Bros. mu 1999, koma apo n'kuti m'masitolo itatha kalekale.

Zimene zimakweza mtengo

Makatiriji 140,000 si ochepa kwenikweni, ndipo alipo magemu a Super Nintendo osowa kwambiri kuposa apa. Chimene chinakweza mtengo wa EarthBound ndi kuchuluka kwa oifuna. N'chifukwa chake katiriji ya Mother 2, yomwe inagulidwa kwambiri ku Japan ndipo mawu ake ndi a Chijapani, ndi yotchipa ngakhale kuti gemu yake ndi yomweyo.

Osonkhanitsa amasiyanitsa katiriji yokhayokha, katiriji yokhala ndi bokosi ndi buku lake, ndi bokosi lomwe silinatsegulidwepo. Katiriji yokhayokha ya ku America imagulidwa madola mazana angapo, pamene yokhala ndi zake zonse imapitirira madola 1,000. Mbali yaikulu ya ndalamazo ndi ya mapepala. Bokosilo linali la katoni, ndipo eni ake ambiri, omwe anali ana, analitaya kapena kuling'amba. Buku lomwe timakadi take tikadali mkati limadula kuposa lomwe tinachotsedwa. Chinyezi, dzuwa ndi chiswe zikhoza kugwetsa mtengo wa bokosi katiriji ili bwinobwino.

Kuzindikira yeniyeni

Makatiriji achinyengo a EarthBound ndi ambiri. Ogula odziwa amamasula katiriji ndi sikuludilaiva yapadera ya mamilimita 3.8 kuti aone bolodi la mkati, pomwe yeniyeni imakhala ndi dzina la Nintendo. Amayang'ananso manambala odinda mobooka pang'ono pa pepala lakumbuyo. Mkatimo muli batire laling'ono la CR2032 lomwe limasunga pomwe wosewera anafika. Likatha mphamvu zonse zimafufutika, ndipo kuika lina kumafuna kuwotcherera.

Opanga gemuyi anatcheramo msampha wa okopera mwakuba. Pulogalamu ikazindikira kuti yakopedwa imachulukitsa adani, ndipo wosewera akafika pa nkhondo yomaliza imaima n'kufufuta zonse zimene anasunga.

Makampani ena amayesa magemu, kuwapatsa mlingo ndi kuwatsekera m'mabokosi a pulasitiki. Mu Julayi 2021 gemu ina ya Nintendo, Super Mario 64, yosatsegula, inagulidwa madola 1.56 miliyoni pa okushoni ya Heritage Auctions. Ena anadandaula kuti mitengo ya chaka chimenecho inakwezedwa dala, ndipo m'zaka zotsatira mitengo ya magemu ambiri osatsegula inatsika.

Kuisewera masiku ano

Wofuna kungosewera safunika katiriji yakale. Nintendo inatulutsanso EarthBound pa Wii U mu 2013, ulendo uno ndi ku Ulaya komwe, pa SNES Classic Edition mu 2017 ndi pa Nintendo Switch Online mu Febuluwale 2022. Izi sizinathetse msika wa makatiriji enieni.

Amene angapeze katiriji ya ku America ali ku Malawi ayenera kudziwa kuti siigwira pa Super Nintendo ya ku Ulaya. Makina a ku America nawo anapangidwira magetsi a mavoti 120, pamene a ku Malawi ndi a mavoti 230, choncho kuwalumikiza kukhoma popanda chotsitsira mphamvu kumawotcha adaputala.