Mbiri ya kanyama komatirira pa miyala

Tizigoba ta m'mphepete mwa nyanja

M'mphepete mwa nyanja za mchere, miyala imachita kudzaza ndi tizigoba toyera. Timamatirira zolimba, moti ukatiponda wopanda nsapato timacheka phazi. M'kati mwa kachigoba kalikonse mumakhala kanyama kotchedwa barnacle. M'nyanja ya Malawi mulibe, chifukwa kamafuna madzi a mchere. Kale akatswiri ankati kanyamaka ndi kachibale ka nkhono, poti kali ndi chigoba.

Dokotala wa asilikali

John Vaughan Thompson anali dokotala wa asilikali ku Cork, m'dziko la Ireland. Ankakola tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja ndi kaukonde, n'kumatisunga m'madzi a mchere. Tina mwa ito tinkasambira ndi timiyendo. Patapita masiku, tinadzimata mitu pansi, n'kuyamba kumera zigoba. Tinali ana a barnacle! Mu 1830 iye analemba kuti kanyamaka ndi kachibale ka nkhanu, osati nkhono.

Kakakula, sikasunthanso. Mutu uli pamwala, miyendo ili m'mwamba. Madzi akafika kamatsegula chigoba, n'kumapalasa chakudya ndi miyendo yake.

Zaka zisanu ndi zitatu

Mu 1835 Charles Darwin ali ku Chile anatola chigoba cha nkhono ya m'nyanja chokhala ndi timabowo. M'timabowomo munali barnacle wamng'ono zedi, wa mtundu wachilendo. Anayamba kumufufuza mu 1846, koma anaona kuti sangamumvetse asanadziwe abale ake onse. Anthu a m'maiko ambiri anamutumizira zigoba. Iye ankazitumbula chimodzichimodzi pa makina okuzira zinthu. Ntchitoyi inafika mpaka 1854, ndipo inatulutsa mabuku anayi. Kupirira kotereku n'kofunika kukulemekeza, chifukwa ofufuza a m'mbuyo mwake anapeza poyambira.

Kulimbirana malo

Pa nyanja za mchere madzi amakwera ndi kuphwera tsiku lililonse. Ku Millport, m'dziko la Scotland, wofufuza wina, Joseph Connell, anaona mitundu iwiri ya barnacle pa miyala imodzimodzi. Wa Chthamalus unkakhala kumtunda, wa Balanus kumunsi. Chifukwa chiyani?

Connell anapala Balanus pa miyala ina ya kumunsi, ina n'kuisiya. Kenako ankabwera kudzawerenga zamoyo ndi zakufa. Pomwe anapala, Chthamalus anakula bwinobwino ngakhale kumunsiko. Pomwe sanapale, Balanus ankakula msanga n'kumuphimba mnzakeyo, kumufinya kapena kumuzula. Koma kumtunda Balanus sapirira: madzi akaphwera kwa nthawi yaitali, amauma n'kufa. Chthamalus amapirira kuumako, n'chifukwa chake amapezeka kumtundako. Connell anasindikiza zimenezi mu 1961.