Mabuku onena za gombe lathu

Kusukulu tinaphunzira m'Cipwitikizi kuti nkhondo ya ufulu inayamba pa 25 Setembala 1964 ku Chai, ku Cabo Delgado. Zakuti mfuti za Frelimo zinaliranso ku Cobué m'masiku omwewo, pa nyanja yathu yomweyi, ndinayamba kuzimva kwa akuluakulu. M'mabuku ndinazipeza nditakula kale.

Mabukuwo alipo, kungoti ambiri ali m'Cingelezi. La Eduardo Mondlane linatuluka mu 1969, caka cimene anaphedwa ku Dar es Salaam. John Paul, wansembe wa Anglican ku Messumba, anatulutsa lake mu 1975, ndipo mmenemo muli za anthu a pamishoni amene PIDE inawagwira. Mu 2023 Andreas Zeman anatulutsa buku lathunthu la mbiri ya Nkholongue, mudzi wathu uno, pamene sitima zinkaima kudzatenga nkhuni. Ndinakondwa, koma ndi angati mwa agogo amene anamufotokozera nkhanizo angathe kuwerenga n'kunena kuti apa walondola, apa wasokoneza?

N'cifukwa cake ndimalemekeza kwambiri Yohanna Abdallah, wansembe wa ku Unangu. Iyeyu sanadikire mlendo. Anafunsa akuluakulu a kwao za mafumu, za malonda a minyanga ndi maulendo a ku Kilwa, nazilemba m'Ciyao. Bukulo linasindikizidwa ku Zomba mu 1919, Ciyao ndi Cingelezi pamodzi, monga mmene kabuku muli nakoka kalili ndi Cinyanja ndi Cipwitikizi.