Bcc Iziteteza Olandira Kalata

Pamwamba pa imelo pali malo atatu olembamo maadiresi: To, Cc ndi Bcc. Amene ali pa To ndiwo eni kalata, oyenera kuyankha kapena kuchitapo kanthu. Amene ali pa Cc angopatsidwako kuti adziwe, ndipo aliyense amawaona, monga zinkakhalira nthawi ya mataipilaita, pamene mlembi ankaika pepala la kaboni pakati pa mapepala n'kulemba m'munsi mwa kalata mayina a onse olandira kope. Wa pa Bcc nayenso amalandira uthenga wonse, koma anzake samuona. Izi zimatheka chifukwa malamulo a kayendedwe ka imelo a mu 1982, RFC 821 ndi RFC 822, anasiyanitsa envulopu ndi mutu wa kalata. Seva imawerenga envulopu kuti idziwe kokatula uthenga, pomwe munthu amangoona mutu. Adiresi ya pa Bcc imakhala pa envulopu, koma siioneka pa mutu wa makope opita kwa enawo. Ndiye kuti Bcc imabisa anthu, uthenga siiukhudza, ndipo chofunika kufunsa n'chakuti kubisako kukuteteza ndani.

Pamene olandira sadziwana, Bcc ndi udindo. Mu September 2015 chipatala cha 56 Dean Street ku London chinatumiza kalata ya nkhani za HIV kwa anthu 781, maadiresi onse ali pa To. Ambiri mwa maadiresiwo anali ndi mayina athunthu, kotero aliyense anaona amene akulandira nawo kalatayo, ndipo bungwe loyendetsa chipatalacho linalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 180,000. Mu September 2021, a Taliban atangolanda dziko la Afghanistan, unduna wa zachitetezo wa Britain unalakwitsa chimodzimodzi polembera anthu 245 ofuna kuthawitsidwa m'dzikomo. Awiri anayankha kwa gulu lonse, mmodzi mpaka kutchula kumene anali. Chinawaika pangozi anthuwa chinali mndandanda wa maadiresi, womwe pawokha unali utanena kale zonse.

Koma m'maofesi Bcc ili ndi ntchito ina, ndipo iyi ndiyo ndikuitsutsa: kulembera mnzako kalata yomudzudzula, bwana n'kumuika pa Bcc. Apa wotetezedwa ndi wolemba yekha, mnzakeyo akuyesa kuti akukambirana awiri pomwe wachitatu akumvetsera kuseri. Ena amati bwana ayenera kudziwa zimene zikuchitika, ndipo kumuika pa Cc kumaoneka ngati kuopseza. N'zoona, Cc imatha kukhala chikwapu, ndipo alipo ochuluka amene amaigwiritsa ntchito motero. Komabe woopsezedwa poyera amadziwa amene akumva, amasankha bwino mawu ake ndipo amatha kudziteteza pamaso pa bwanayo. Woneneredwa mobisa alibe mwayi umenewo. Chinsinsicho nachonso n'chosalimba: bwana amaona onse a pa To ndi pa Cc, ndipo akangodina Reply All, wadziulula yekha, wolembayo n'kuoneka kazitape. Ngati bwana ayeneradi kudziwa, m'tumizireni kalatayo payokha pambuyo pake, ndi mawu ofotokoza chifukwa chake.

Wina anganene kuti, poona za ku London zija, yankho ndi kungoika aliyense pa Bcc nthawi zonse. Ayi. Pa ntchito yochitira limodzi anthu ayenera kuonana, apo ayi awiri agwira ntchito imodzi, kapena aliyense ayesa kuti mnzake wauzidwa. Ndipo pa nkhani zazikulu ngati matenda, Bcc imadalira kuti munthu wotopa asaphonye bokosi limodzi mwa atatu oyandikana. N'chifukwa chake bungwe la ICO, loteteza zinsinsi za anthu ku Britain, limalangiza kuti makalata otere azitumizidwa ndi pulogalamu yopatsa aliyense imelo yakeyake, yokhala ndi adiresi yake yokha.