Umakaniko wa ku Zingalume ndi kusintha kwa injini ya petulo

Ntchito yokonza magalimoto m'dera la Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza kum'mawa kwa Zambia, ndi yachichepere poiyerekeza ndi kusula makasu kapena kusema mitondo, koma m'zaka zochepa zimene yakhalapo yasintha maziko ake enieni, chifukwa luso limene kale linkadalira khutu, mphuno ndi dzanja la mmisiri tsopano likudaliranso kuwerenga zimene kompyuta ya galimoto yalemba. Kusintha kumeneku kumaonekera bwino pa kachipangizo kamodzi kotalika ngati chala, kamene kamamangidwa pa paipi ya utsi ndipo amakaniko amakatchula kuti sensa ya okosijeni.

Amisiri oyamba a chigawochi sanaphunzire ntchito yawo m'kalasi. Pa nthawi ya atsamunda, pamene Chipata ankatchedwa Fort Jameson ndipo azungu ankalima fodya m'mafamu ozungulira tauniyo, amuna ambiri a kuno ankapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya kopa, ndipo ena ankabwerako atadziwa kumasula injini ya thirakitala kapena ya lole. Kumudzi, sukulu yawo inali njinga ndi chigayo cha dizilo. Ufulu utabwera mu 1964, magalimoto amene ankafika kumadera ngati Chadiza anali makamaka ma Land Rover a boma ndi a mishoni, pamodzi ndi malole onyamula chimanga ndi feteleza a bungwe la NAMBOARD, ndipo mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zogulira masipeya zinasowa kotero kuti makaniko wodziwika anali amene ankatha kudula gasiketi pa katoni, kukulunganso waya wa sitata ndi kuukitsa galimoto imene kwina ikanatayidwa. Injini za petulo za nthawiyo zinkasakaniza mafuta ndi mpweya m'kabyuleta, chipangizo chimene mmisiri ankachikonza ndi sikuludiraiva akumvetsera kulira kwa injini, kenaka n'kutsimikiza poyang'ana mapulagi: akada ndi mwaye ndiye kuti petulo wachuluka, akayera mbuu ndiye kuti wachepa.

Pa zaka zomwezo, kutali ndi Zambia, malamulo oletsa utsi woipa, makamaka a ku California, anakakamiza opanga magalimoto kuika pa paipi ya utsi bokosi lotchedwa catalytic converter, limene mkati mwake muli zisa zadothi zokutidwa ndi platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zimene zimasandutsa mipweya yapoizoni kukhala yosaopsa kwenikweni. Bokosili limagwira bwino ntchito pokhapokha injini ikamawotcha magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, muyezo umene kabyuleta sakanatha kuusunga nthawi zonse. Kampani ya Bosch ya ku Germany inapanga sensa yoyeza okosijeni wotsala mu utsi, ndipo mu 1976 Volvo inayamba kuiika m'magalimoto ake. Mtima wa sensayi ndi dothi louma la zirconia lopakidwa platinum mbali zonse ziwiri, mbali imodzi yokhudza utsi ndipo inayo yokhudza mpweya wakunja. Likatentha kupitirira madigiri pafupifupi 300, kusiyana kwa okosijeni pa mbali ziwirizo kumatulutsa magetsi ochepa, oyandikira 0.9 volt petulo akachuluka ndi 0.1 volt akachepa. Kompyuta ya injini imawerenga magetsiwo n'kuwonjezera kapena kuchepetsa petulo amene mainjekita akupopera, ndipo masensa a pambuyo pake anaikidwa kahita kamkati kuti azifulumira kutentha, n'chifukwa chake ambiri ali ndi mawaya anayi, awiri a hita ndi awiri a uthenga.

Luso limeneli linafika ku Zambia mwaunyinji pambuyo pa chisankho cha 1991, boma la Frederick Chiluba litamasula malonda ndi ndalama zakunja, zimene zinatsegula njira ya magalimoto ogwirapo ntchito ochokera ku Japan, olowera makamaka pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Nakonde. Popeza dziko la Japan limayendetsanso kumanzere, ndiponso kuyeza magalimoto kwa kumeneko n'kodula moti eni ake amawagulitsa adakali olimba, magalimotowa anayenerera misewu ya kuno popanda kusintha kanthu. Kwa mphunzitsi, wogula soya ndi mtedza, kapena wonyamula anthu pakati pa Chadiza, Katete ndi Chipata pa misewu yafumbi imene imakumbika m'dzinja, okondedwa anali magalimoto okwera m'mwamba: Toyota RAV4 imene inayamba kupangidwa mu 1994, Honda CR-V ya 1995, Land Cruiser Prado ya mtundu wa 90 ya 1996, Hilux Surf, Mitsubishi Pajero ndi Suzuki Escudo. Tsoka lake linali lakuti oyambawo anapeza petulo wa mtovu akugulitsidwabe m'chigawo chino cha Africa, pamene mtovu umakuta platinum wa sensa ndi wa catalytic converter n'kuziphetsa. Mgwirizano wa ku Dakar wa 2001 ndi umene unaika mapeto a 2005 kukhala malire ochotsera petulo wotere kum'mwera kwa Sahara, ndipo masensa ambiri anali atafa kale eni magalimoto asanadziwe n'komwe kuti alipo.

Kupeza pamene sensa ili ndi phunziro loyamba la wophunzira ntchito, amene pagaraja amamutchula spana boyi. Iye amatsata paipi ya utsi kuchokera pa manifodi, pamene mapaipi a masilinda amakumanirana, mpaka aone chitsulo chonga pulagi chokhala ndi waya. Sensa yokhala kutsogolo kwa catalytic converter ndi imene imalamulira kusakaniza kwa mafuta, pamene yakumbuyo, imene magalimoto ena akale a msika wa ku Japan alibe, imangoyang'anira ngati bokosilo likuyeretsa utsi. Pa injini ya masilinda asanu ndi imodzi oikidwa mbali ziwiri, mbali imene ili ndi silinda yoyamba imatchedwa Bank 1, ndipo kusokoneza mbalizo kwagulitsa masensa ambiri osafunika. Injini zakale za dizilo, monga 1KZ-TE ya Prado ndi 1HZ ya Land Cruiser, zilibe sensa ya okosijeni, choncho utsi wakuda wa magalimoto amenewo umafunidwira ku mainjekita, ku pampu kapena ku sefa ya mpweya.

Njira zofufuzira vuto nazo zili ndi mibadwo yake. Ma Toyota akale ali ndi kabokosi pafupi ndi injini kamene mmisiri amalumikiza mabowo ake awiri, TE1 ndi E1, ndi kachidutswa ka waya, ndipo nyali ya Check Engine imaphethira mowerengeka: kawiri, kupuma, kenaka kamodzi, kutanthauza nambala 21, imene imaloza ku sensa ya okosijeni. Dongosolo la OBD-II, lokhala ndi soketi ya mapini 16 pansi pa chiwongolero, linakhala lamulo ku United States mu 1996, koma magalimoto ambiri opangidwira msika wa ku Japan m'zaka zimenezo, ngakhale ena ali ndi soketi yofanana, sayankha makina otchipa owerengera, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene eni ake amapitira ku Chipata kukaikitsa galimoto pa kompyuta. Kumene makinawo awerenga, nambala P0135 imanena za hita ya sensa yakutsogolo ya Bank 1, P0171 imanena kuti petulo akuchepa m'chisakanizo, ndipo P0420 imanena kuti catalytic converter yafooka. Wopanda makina amagwiritsa ntchito mita ya magetsi: injini ikatentha, sensa yamtundu wakale yamoyo imasinthasintha msangamsanga pakati pa 0.1 ndi 0.9, yotopa imasintha mwaulesi, yakufa imaima pamodzi. Muyezo umenewu sugwira pa masensa atsopano amene Toyota inayamba kuika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, amene amawerengedwa mwa njira ina.

Apa ndi pamene luso lakale limaonetsa kuti silinathe ntchito. Sensa ili ngati mboni pa bwalo la mfumu, imene imanena zimene yaona koma si iyo yopalamula, ndipo nambala ya pa makina imangotchula mboniyo. Manifodi yong'aluka kapena gasiketi yotayikira imalowetsa mpweya wakunja mu utsi, sensa n'kunena kuti petulo wachepa, kompyuta n'kuwonjezera petulo, galimoto n'kuyamba kumwa mafuta ndi kudetsa mapulagi. Pulagi yosathetheka bwino imachititsa zomwezo, chifukwa okosijeni wosapsa amatuluka wathunthu. Pa misewu ya ku Zingalume, waya wa sensa amadulidwa ndi ziputu ndi miyala, kapena amapsa atagona pa paipi, ndipo soketi yake imalowa madzi ndi matope powoloka mitsinje. Oilo wa injini yotha mphete, madzi a radiyeta olowa m'silinda ndi guluu wa silikoni wopakidwa mosasamala zimapha sensa pang'onopang'ono. Makaniko amene anakulira pa kabyuleta amayamba wamvetsera kutayikira kwa utsi ndi kuyang'ana mapulagi asanatume munthu ku Chipata kapena ku Lusaka kukagula sipeya, ndipo kawirikawiri amapeza vuto pamenepo.

Sensayo ikapezeka kuti yafadi, imamasulidwa ndi spana ya mamilimita 22 paipi idakali yofunda, popeza dzimbiri la zaka zambiri limaigwira zolimba ikazizira. Chimene chimalowa m'malo mwake chimatengera thumba la mwini galimoto: ena amagula yochotsedwa pa injini ina, ena amagula yolumikiza okha mawaya, imene imalakwika msanga chifukwa mitundu ya mawaya imasiyana pakati pa makampani, ndipo ena amangoizula pa soketi. Galimoto yozulidwa sensa imayendabe, chifukwa kompyuta imabwerera ku miyezo imene inasungidwa kufakitale, koma imadya petulo wambiri, ndipo mafuta osapsa amatenthetsa catalytic converter mpaka zisa zake kusungunuka ndi kutseka paipi. Zikatero bokosilo limabowoledwa kapena kudulidwa n'kugulitsidwa kwa ogula zitsulo zakale, amene amafuna platinum wake, ndipo pa magalimoto okhala ndi sensa yakumbuyo nyali ya Check Engine imakhala yoyaka kuyambira pamenepo, moti vuto lina latsopano likabuka woyendetsa alibenso chomuchenjeza.