Msika wa osewera mpira: momwe umayendera, ndi chifukwa chake kuno kulibe draft

Ligi yaikulu ya mpira wamiyendo m'dziko muno ikatsekera kumapeto a chaka, mpira umachoka m'mabwalo n'kusamukira pa bawo, m'maminibasi ndi m'magulu a WhatsApp. Pa Nkando m'boma la Mulanje, pomwe pamadutsa msewu wa Midima wochokera ku Limbe, mkangano wa miyezi ya dzinja ndi womwewo umene umamveka ku Ndirande kapena ku Area 25 ku Lilongwe. Wina amafuna timu yake igule womwetsa zigoli wodziwika kale, ndalama zipite zipite. Mnzake amati kugula mayina n'kutaya ndalama, bola kukweza anyamata a timu yachisodzera n'kuwapirira zaka ziwiri. Masiku ano pamapezekanso wachitatu, amene anamva za njira ya ku America yotchedwa draft, ndipo amafunsa chifukwa chake matimu aang'ono kuno sapatsidwa mwayi woyamba kusankha osewera abwino.

Funso lomalizali lili ndi pake kwa anthu a ku Mulanje. Mu 2024 timu ya FOMO, yomwe dzina lake limachokera ku bungwe losamalira ana amasiye la Friends of Mulanje Orphans, idasewera mu Super League pabwalo la Mulanje Park. Idatuluka m'ligimo chaka chomwecho. Aliyense wotsatira mpira amadziwa zimene zimagwera timu yotere: amene anaonetsa luso amayamba kuimbiridwa mafoni ndi matimu a m'tauni, ndipo mphunzitsi amayambiranso pachiyambi.

Malamulo a msika

Kugula ndi kugulitsa osewera kumayendera malamulo a bungwe la FIFA, omwe kuno amawatsata ndi Football Association of Malawi, mwachidule FAM, pamodzi ndi Sulom yomwe imayendetsa ligi ya matimu 16. Dziko lililonse limaloledwa kutsekula msika kawiri pachaka: koyamba ligi isanayambe, kachiwiri pakatikati pake. Nthawi ziwirizi zikaphatikizidwa siziyenera kupitirira masabata 16. Wosewera angalembetsedwe ku matimu atatu m'chaka chimodzi cha ligi, koma angasewerere awiri okha pamasewero ovomerezeka.

Kontirakiti ndiye mwini nkhani. Siyenera kupitirira zaka zisanu, ndipo kwa mwana wosakwana zaka 18 malire ndi zaka zitatu. Wosewera amene kontirakiti yake ikadali ndi mphamvu sangachoke popanda timu yake kuvomera, ndipo ndalama zimene timu inayo imapereka kwenikweni ndi zogulira chilolezo chimenecho. Koma kontirakiti ikatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuti ithe, wosewera ali ndi ufulu wokambirana ndi timu ina iliyonse, ndipo ikatha amachoka ulere. Ufulu umenewu udakhazikika kutsatira chigamulo cha khoti la ku Ulaya pamlandu wa wosewera wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, pa 15 Disembala 1995. Ochemerera ambiri akamakwiya kuti akuluakulu a timu "amutaya" wosewera wawo, nthawi zambiri chimene chachitika n'chakuti anachedwa kumupatsa kontirakiti yatsopano pamene nthawi inalipo.

Palinso kubwereketsa, pomwe wosewera amapita kwina kwa kanthawi koma adakali wa timu yake. Kwa wopita kunja, pamafunika chikalata cha ITC chochokera ku FAM, ndipo zonse zimalembedwa m'makina a FIFA a TMS omwe adayamba kugwiritsidwa ntchito mokakamiza mu Okutobala 2010. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kugulitsidwa kunja, kupatula pazifukwa zochepa monga makolo ake kusamukira kumeneko pa zifukwa zosakhudzana ndi mpira.

Malamulowa ndi amodzi kwa onse, koma matumba ndi osiyana. FCB Nyasa Big Bullets, Mighty Wanderers ndi Silver Strikers, yomwe imathandizidwa ndi banki yaikulu ya Reserve, ndi amene amalamula mtengo. Matimu a asilikali ndi apolisi, monga Kamuzu Barracks, Moyale, Mafco ndi Blue Eagles, ali ndi nyambo yawoyawo imene ena alibe: chiyembekezo cha ntchito yokhalitsa mpira ukadzatha. Otsalawo amatola zotsala. Zotsatira zake zimaoneka pa mndandanda wa akatswiri. Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, Silver n'kudzaitenga mu 2024. Kamuzu Barracks itapambana mu 2016 idali nkhani yaikulu chifukwa zotere sizichitika kawirikawiri.

Draft n'chiyani

Njira imene wachitatu uja amaisirira imaoneka bwino mu hoke ya pa ayezi, masewero amene anthu a ku Canada amawakonda monga momwe ife timakondera mpira wamiyendo. Ligi yake yaikulu, NHL, ili ndi matimu 32 a ku Canada ndi United States, ndipo yakhala ikuchita draft kuyambira 1963. Chaka chilichonse, kawirikawiri kumapeto a Juni, matimu onse amasinthana kusankha anyamata a zaka 18 kupita m'tsogolo pang'ono, m'magawo asanu ndi awiri, kutanthauza osewera pafupifupi 224. Timu imene yachita moipa kwambiri ndiyo imakhala ndi mwayi waukulu wosankha koyamba. Pofuna kuti matimu asamagonje dala, malo oyambirira amachitira mayere pakati pa matimu 16 amene alephera kulowa m'ndime ya chikho cha Stanley Cup. Mnyamata wosankhidwayo sasankha kopita. Ngati afuna kusewera mu NHL, ayenera kukambirana ndi timu yomwe yamutchula.

Chimene chimakometsa mikangano ya ochemerera kumeneko n'chakuti mwayi wosankhawo nawonso ndi katundu wogulitsa. Timu imene ikuona kuti chikho chili pafupi imapereka mwayi wake wa chaka chamawa kuti ipeze katswiri wokhwima lero. Imene ikuona kuti yakalamba imagulitsa akatswiri ake n'kusonkhanitsa mwayi wa m'tsogolo, ochemerera n'kumeza malovu zaka zitatu kapena zisanu. Ndi mkangano wa pa Nkando womwe uja, kugula kapena kulera, wangovala malaya ena.

Zitsanzo zake zimatchulidwabe mpaka lero. Pa 9 Ogasiti 1988, Edmonton Oilers idapereka Wayne Gretzky, amene ambiri amamutcha wosewera woposa onse m'mbiri ya hoke, ku Los Angeles Kings pamodzi ndi anzake awiri. Idalandira osewera awiri, madola 15 miliyoni ndi mwayi wosankha m'gawo loyamba katatu, mu 1989, 1991 ndi 1993. Anthu a ku Edmonton adalira ngati pamaliro, koma timu yawo idatenganso Stanley Cup mu 1990 popanda iye, pamene Gretzky sadakwezenso chikhocho. Mu 1991 Quebec Nordiques idasankha Eric Lindros poyambirira penipeni, iye n'kukana kuisewerera. Chaka chotsatira adamupereka ku Philadelphia Flyers posinthana ndi gulu la osewera, mmodzi mwa iwo Peter Forsberg. Timuyo itasamukira ku Colorado idatenga chikho mu 1996, Forsberg ali mmodzi mwa nsanamira zake. Ndipo kusankha koyamba si chitsimikizo cha chilichonse: Pavel Datsyuk, amene adadzakhala katswiri wa Detroit Red Wings, adatchulidwa pa nambala 171 mu 1998, matimu onse atamudumpha kangapo.

Chifukwa chake sizingatheke kuno mosavuta

Draft imaima pa miyendo itatu, ndipo mpira wathu ulibe ndi umodzi womwe. Woyamba ndi wakuti NHL ndi ligi yotseka. Palibe timu yotuluka kapena yolowa chifukwa cha mapointi, choncho womaliza amalandira mphotho ya wosewera wabwino n'kuyesanso chaka chamawa. Kuno womaliza amatsika, monga idachitira FOMO, ndipo mwayi wosankha ungamupeze ali kale m'ligi yaing'ono.

Wachiwiri ndi malire a malipiro. Kuyambira 2005 NHL imaika ndalama zimene timu iliyonse singapitirire polipira osewera. M'chaka cha 2024/25 zidali madola 88 miliyoni. Popanda lamulo lotere, timu yaing'ono ikhoza kusankha mnyamata waluso lero, Maule kapena Manoma n'kudzamutenga miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi pomulonjeza malipiro owirikiza kanayi.

Wachitatu ndiye wovuta koposa. Ku America osewera amaleredwa ndi sukulu, makoleji ndi maligi a achinyamata omwe si a matimu akuluakulu, ndipo NHL ilibe mnzake wolimbirana naye pamalipiro padziko lonse. Mu mpira wamiyendo amalera osewera ndi matimu eniake, ndipo misika ili ponseponse. Mnyamata wa ku Chitakale kapena ku Luchenza akauzidwa kuti watchulidwa ndi timu ya ku Karonga imene sakuifuna, akhoza kungowoloka malire pa Muloza n'kukasaka timu ku Mozambique. Komanso Bullets, imene yaononga ndalama kulera achinyamata m'timu yake yachisodzera, singavomere kuti ana ake aikidwe m'dengu limodzi kuti ena asankhemo. Phindu la kulerako idalionanso mu 2024 pamene Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma adapita ku DR Congo.

N'zochititsa chidwi kuti ngakhale ku America komweko, mpira wamiyendo wayamba kuithawa njirayi. Ligi ya amayi ya NWSL, momwe Temwa Chawinga adamwetsa zigoli 20 mu 2024 akusewerera Kansas City Current n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, idathetsa draft mu Ogasiti chaka chomwecho itagwirizana ndi bungwe la osewera. Chifukwa chachikulu chidali chakuti ikulimbirana osewera ndi maligi a ku Ulaya, komwe munthu amasankha yekha kopita. Temwayo sadadzere mu draft. Adagwirizana ndi timuyo mwachindunji akuchokera ku Wuhan m'dziko la China.

Chimene matimu aang'ono ali nacho

Mpira wamiyendo uli ndi njira yakeyake yobwezera amene analera wosewera, ndipo ndi imene ikanayenera kutenga nthawi yambiri m'mikangano ya pa bawo kusiyana ndi draft. Njirayi ili pawiri. Yoyamba ndi chipukutamisozi cha kulera, chomwe chimawerengedwa pa zaka zimene wosewera anaphunzitsidwa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 21, ndipo chimaperekedwa akasaina kontirakiti yake yoyamba kapena akagulitsidwa kunja asanapitirire zaka 23. Yachiwiri ndi gawo la 5 pa 100 iliyonse ya mtengo wogulitsira wosewera kunja kontirakiti isanathe, lomwe limagawidwa kwa matimu onse amene adamusunga pakati pa zaka 12 ndi 23. Gawoli limabwera nthawi iliyonse imene wosewerayo wagulitsidwanso kuchoka dziko lina kupita lina, ngakhale atafika zaka 30.

Tiyerekeze kuti wosewera wagulitsidwa pa K200 miliyoni. Gawo logawanalo ndi K10 miliyoni. Chaka chilichonse cha pakati pa zaka 12 ndi 15 chimalandira 5 pa 100 ya ndalamayo, ndipo chilichonse cha pakati pa 16 ndi 23 chimalandira 10 pa 100. Timu ya kumudzi imene idamusunga zaka zinayi, kuyambira 16 mpaka 19, iyenera kulandira K4 miliyoni. Kwa Silver imeneyo ndi ndalama ya mafuta a basi. Kwa timu ya ligi ya m'boma ndi mayunifolomu, mipira ndi maulendo a chaka chathunthu. Tikaganiza ulendo wa Gabadinho Mhango, amene adachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic, kenako Golden Arrows, Bidvest Wits ndi Orlando Pirates, tikuona kuti wosewera mmodzi akhoza kudutsa m'manja ambiri, ndipo funso la amene anamulera limakhala ndi mtengo wake.

Msampha uli pa zolembalemba. Kuyambira Novembala 2022 ndalamazi zimadzera ku ofesi ya FIFA Clearing House ku Paris, yomwe imalipira potengera mbiri ya wosewera yolembedwa pakompyuta. Kuno mbiriyo imachokera m'kaundula wa FAM wa Mpira Connect. Timu ya pa Nkando ikhoza kumudyetsa mnyamata, kumugulira nsapato ndi kumulipirira minibasi zaka zisanu, koma ngati siili pansi pa FAM ndipo sidamulembetse m'kaundulamo, zaka zimenezo sizioneka paliponse, ndipo ku Paris dzina la timuyo silifikako.