Lamulo limateteza madzi amene mumamwa

Kodi mukudziwa kuti madzi a pacitsime canu ali ndi lamulo lowateteza? Lamulo lalikulu la dziko la Mozambique, la caka ca 2004, pa gawo 90, limati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala pamalo osaonongeka. Gawo lomwelo limatinso nzika ili ndi udindo woteteza malowo. Ufuluwo ndi wanu, ndipo nchitoyo ndi yanunso.

Palinso lamulo la zacilengedwe la caka ca 1997. Pa Cipwitikizi amati Lei do Ambiente, nambala 20/97. Limaletsa kutaya zinthu zapoizoni m'madzi, m'nthaka ndi mumpweya kupyola malire amene boma linaika. Limatinso munthu akaona wina akuphwanya lamuloli, akauze apolisi kapena akuluakulu a boma amene ali pafupi.

Mwina mukuti, koma kuno ku Namacula kulibe mafakitale akuluakulu, ndiye coononga madzi n'ciyani? Nthawi zambiri ndi cimbudzi basi. Nyumba zikathithikana, citsime ndi cimbudzi zimakumbidwa moyandikana. Mvula ikagwa, zonyansa za m'dzenje zimayenda pansi pa nthaka n'kukalowa m'citsime. Madziwo amaoneka oyera bwinobwino, fungo alibe, koma muli tizilombo ta matenda otsegula m'mimba ndi kolera. N'cifukwa cake a zaumoyo amalangiza kuti cimbudzi cikhale kutali ndi citsime, mamita 30 ngati malo alipo, ndiponso cikhale kumunsi, osati kumtunda kwa citsime. Pabwalo laling'ono zimenezi n'zovuta ndithu. Apa m'pofunika kukambirana ndi anansi anu musanakumbe dzenje, cifukwa cimbudzi canu cingakhale pafupi ndi citsime cao.

Kolera tinamuona posacedwapa. Mu September 2022 matendawa anayamba m'boma la Lago, m'mbali mwa nyanja, kenako anafika ku Lichinga ndi zigawo zina za dziko. Ku Malawi anali atayamba kale caka comweco. Kolera amapha msanga cifukwa thupi limatha madzi. Wodwala ayambe kumwa madzi a mcere ndi shuga a kucipatala, ndipo apite naye kucipatala osadikira kuce. Madzi akumwa muziwawiritsa, kapena muzithiramo mankhwala a Certeza. Werengani muyezo pa botolo, ndipo mukathira dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngakhale madzi a pampopi amatha kuda ngati ndowa ili yosatsuka kapena yosavundikira.

Munthu wina wa kwathu konkuno anachuka pa dziko lonse ndi nkhani ya zimbudzi. Dzina lake ndi Feliciano dos Santos, woimba wa gulu la Massukos. Ali mwana anadwala poliyo, matenda amene amafala kudzera m'madzi ndi cakudya coipitsidwa ndi zonyansa za munthu. Atakula, iye ndi bungwe la Estamos anaphunzitsa anthu a ku Niassa kumanga zimbudzi za maenje osazama. Mukatha kudzithandiza mumathiramo phulusa ndi dothi. Fungo limacepa, nchenche nazo zimacepa. Dzenje likadzaza mumalitseka n'kugwiritsa lina, ndipo pakapita miyezi yambiri za mkatimo zimasanduka manyowa a kumunda. Dzenje losazama silifika msanga pa madzi a pansi. Mu 2008 analandira mphoto ya Goldman ku America cifukwa ca nchito imeneyi.

Nanga zinyalala? Kucotsa zinyalala mumzinda ndi nchito ya Conselho Municipal. Mu 2015 boma linaletsanso timatumba ta pulasitiki topyapyala kwambiri, ndi kupatsa ogula matumba a pulasitiki mwaulere. Kunena zoona, lamuloli limamveka bwino papepala kuposa pamsika. Matumbawa amatseka ngalande, madzi amaima, udzudzu n'kuswana. Ena amawaocha, ena amakolezera mbaula. Utsi wa pulasitiki ndi woipa pacifuwa, makamaka kwa ana ndi odwala mphumu.

Utsi wina timaupanga tokha m'nyumba. Mu June ndi July ku Lichinga kumazizira kwambiri, ndipo anthu amalowetsa mbaula kucipinda. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wopanda fungo, umene umapha munthu ali m'tulo. Musagone ndi mbaula yamoto m'nyumba yotseka.

Mukaona dzala likukula pafupi ndi citsime, kapena wina akutaya mafuta akuda a galimoto mumtsinje, yambani kwa mkulu wa quarteirão yanu. Zikakanika, pitani kwa secretário wa bairro, kenako ku Conselho Municipal. Pitani anthu angapo, ndipo dandaulo lanu likhale lolembedwa: tsiku, malo, ndi cimene mwaona. Pepala limodzi musiye kumeneko, lina musunge kunyumba.