Kuopsa Koulutsa Ndeke Zing'onozing'ono Usiku Pafupi ndi Mapiri

Pa ngozi za ndeke zing'onozing'ono zimene zimacitika usiku, pali mtundu umodzi umene akatswiri a zouluka amauopa kwambiri. Injini imakhala ikugwira nchito bwino, woyendetsa ali maso pa ciongolero, koma ndeke imakaomba phiri limene iye sanalione.

Ndeke zambiri za anthu wamba zimauluka modalira maso a woyendetsa. Masana iye amaona mapiri, mitambo ndiponso pamene thambo likumana ndi dziko. Usiku wopanda mwezi zonsezi zimazimirira. Phiri liribe nyali, motero limaoneka cimodzimodzi ndi thambo lakuda. Nthawi zina cizindikiro cokha cakuti kutsogolo kuli phiri ndico kuzimirira kwadzidzidzi kwa magetsi a tauni amene anali kuoneka patali.

Thupi la munthu nalonso limanyenga. Maso amafuna mphindi pafupifupi 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala kwamphamvu kumaononga kuzolowera kumeneku m'kanthawi kocepa. Ziwalo za mkati mwa khutu, zimene zimathandiza munthu kuima cilili, zingamuuze kuti ndeke iri kuyenda mowongoka pamene iri kupendekeka ndi kutsika. Izi ndizo zinapha John F. Kennedy Jr., mkazi wace ndi mlamu wace pa 16 July 1999, pamene ndeke yao ya Piper Saratoga inagwera m'nyanja usiku pafupi ndi cisumbu ca Martha's Vineyard ku America.

Cipangizo copimira kutalika kwa ndeke m'mwamba naconso cimafuna nzeru. Cimaonetsa mtunda kucokera pa msinkhu wa nyanja yamcere, osati kucokera pa nthaka imene iri pansi. Woyendetsa amene sanayang'ane mapu angakhulupirire kuti ali m'mwamba ndithu, pamene nsonga ya phiri iri pamwamba pace.

Zotere zinacitika pa 23 November 2011 m'cigawo ca Arizona. Ndeke ya Rockwell 690A inanyamuka ku Mesa usiku wopanda mwezi kupita ku Safford, ndipo patapita mphindi zocepa inaomba mapiri a Superstition. Anthu onse 6 anamwalira, atatu mwa iwo anali ana. Bungwe lofufuza ngozi za ulendo m'dzikolo, la NTSB, linapeza kuti woyendetsa sanasunge njira ndi kutalika koyenera usiku wotero. Ndekeyo inalibe cipangizo cocenjeza kuti phiri layandikira.

Zaka 20 m'mbuyo mwace, pa 16 March 1991, ndeke imene inanyamula gulu la oimba a Reba McEntire inaomba phiri la Otay itangonyamuka usiku pafupi ndi San Diego. Anthu onse 10 anathera pomwepo.

Nkhaniyi ikhudza dziko la Zambia, kumene ndeke zing'onozing'ono zimanyamula alendo, odwala ndi anchito kupita kumadera akutali. Cigwa ca Luangwa cagundana ndi mapiri a Muchinga, ndipo cigwa ca Lower Zambezi cazingidwa ndi zitunda zazitali cakumpoto. Mabwalo ambiri a ndeke a m'thengo alibe magetsi, ndipo m'miyezi yotentha utsi wa moto wolusa umaphimba dziko.

Njira zopewera ngozi n'zodziwika. Asananyamuke, woyendetsa ayenera kudziwa kutalika kwa phiri lirilonse la m'njira yace ndi kuuluka pamwamba pace ndi mpata wokwanira. Ayenera kuphunzira kuulutsa ndeke mokhulupirira zipangizo koposa zimene thupi likumuuza. Wokwera nayenso ali ndi mbali yace: asakakamize woyendetsa kunyamuka dzuwa litalowa cifukwa ca msonkhano, ukwati kapena maliro. Ngati woyendetsa wanena kuti ulendo udikire m'mawa, mau acewo ndiwo otsiriza.